Munda wa a Douglas

Mukatsika ndege pa Dublin Airport n'kutenga kangolo konyamulira katundu, aja amati matrole, dziwani kuti mwina kadutsa m'manja mwa Norbert Makwinja. Ntchito yake ndi imeneyo, chaka chachisanu ndi chinayi tsopano: kutolera matrole amene anthu asiya paliponse, kuwalumikiza mzere wautali, n'kuwakankha kubwerera nawo pakhomo. Ndi munthu wa ku Phalombe, wamfupi, wa mapewa otambalala. Anafika ku Ireland wopanda digiri, wopanda sikolashipi, nakhala zaka zisanu kumalo kosungirako anthu opempha chitetezo, akudikira pepala. Pepala litatuluka anakwatira Magdalene, wa ku Phalombe komweko, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo anapeza kanyumba ku Finglas. Mwana ndi mmodzi, mtsikana, dzina lake Luso.

Anthu amamudziwa Norbert ndi zinthu ziwiri. Choyamba, ku ntchito amapita pa njinga yakapalasa, kaya mvula kaya mphepo, kudzera timisewu ta kuseri kumene kudakali minda ndi ng'ombe. Chachiwiri, munthuyu satha kunena chinthu mwachindunji. Akafuna kubwereka pampu amayamba wafunsa za ana, za kumudzi, za bondo lanu lija, ndipo pampuyo amadzaitchula ali kale pakhomo akutsanzika. Kebby, mnzake wa ku Zambia amene amakankha naye matrole, amati kucheza ndi Norbert kumafuna munthu amene wadya kale.

Palinso chachitatu chimene iye sangavomere ngakhale mutamupanikiza pakona. Norbert ali ndi nsanje, ndipo nsanjeyo ndi ya pa mlamu wake.

Mlamuyo ndi Douglas, mlongo wake wamkulu wa Magdalene. Anabwera mochedwa koma anabwera bwino, pa sikolashipi, ndipo atamaliza maphunziro anapeza ntchito ya pa kompyuta ndi nyumba ya m'mwamba ku Citywest. Si munthu woipa ayi, tisamunamizire. Vuto lake n'lakuti mwambo amaukumbukira pamene wamukomera. Kwawo ku Phalombe ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi malume, bambo ndi mkamwini wochita kubwera. Norbert ankaganiza kuti zimenezo anazisiya kutsidya kwa nyanja, kuti ku Finglas, m'nyumba imene makiyi ake ali m'thumba mwake, palibe amene angamuone ngati mlendo. Kenaka Douglas analowa tsiku lina, nanyamula Luso m'mwamba, nati, “Mbumba yanga iyi.” Ananena moseka, aliyense anaseka, Norbert nayenso anaonetsa mano.

Tsiku limene Luso anakwanitsa zaka seveni, Norbert anamugulira jekete la mvula, labwino ndithu, la zipi ziwiri, lokulirapo pang'ono kuti akule nalo. Luso anati zikomo, naliika pampando. Posakhalitsa galimoto ya Douglas inaima panja, ndipo m'buti munatuluka kwadi, kanjinga kamoto ka matayala anayi kopangira ana, kofiira psuu, ndi chisoti chake chomwe. Abale inu, mwana anakuwa mpaka galu wa aneba anayankha. Anawakolekera malume akewo m'khosi osafuna kutsika. Jekete lija linagwa pampando, wina analiponda, ndipo amene analitola ndi Norbert.

“Mwachita bwino, alamu,” anatero Norbert.

Koma kwadi si chidole choseweretsa pabalaza. Douglas ankaganiza kuti mwana azithamanga nayo pa kapinga wa pakati pa nyumba, koma mayi wa khomo loyandikana anabwera msanga kudzachenjeza kuti njinga zotere zasautsa anthu kuno, apolisi akaiona pamenepo ainyamula. Magdalene anangomva mawu akuti apolisi, basi nkhani inathera pomwepo. Douglas anakhala pa sofa ndi foni yake, kufufuza malo. Kwina kunali kutali, ulendo wa maola awiri. Kwina ankafuna ana okulirapo. Kwina ankati mwana akwere makwadi awo okha, yake aisiye kunyumba. Patatha milungu iwiri anatumiza uthenga kwa mlongo wake wakuti malo kulibe, tidikire akule.

Norbert ataumva uthengawo anadya mgonero mpaka kunyambita zala. Ndinene zoona, anakondwa. Kwadi anaikankhira mu shedi ya kuseri, pakati pa njinga yake ndi zitini za penti. Koma chimwemwe chakecho sichinathe sabata. M'mawa wina akukatulutsa njinga anapeza Luso ali m'shedimo, chisoti kumutu, atakhala pa kwadi yozima, akuliza injini ndi pakamwa. Mwana sanadandaule kanthu. Anangofunsa m'Chingerezi, monga amachitira nthawi zonse ngakhale umulankhule Chichewa, ngati Ankolo Dagi, malume ake aja, apeza malo. Sanafunse ngati adadi apeza.

Funso limenelo anapalasa nalo njinga. Ali m'njira, maso anagwera pa munda umene ankaudutsa tsiku ndi tsiku, waukulu bwino, wotchingidwa ndi mpanda wa zitsamba, wodzaza miyala ndi minga, ng'ombe zomwe zikuusala. Anatsika njinga naima njo pa geti. Kugula kwadi sangathe, zimenezo anavomera. Koma kwadi yopanda malo ndi chitsulo chabe. Amene apeze malo ndiye amene mwana adzamukumbukire, ndipo munthu ameneyo, anadziuza yekha, sadzakhala wa ku Citywest.

Mwini munda anali mkulu wina wachizungu, a Fintan Tormey, a zaka za m'ma sevente, oyenda ndi ndodo, okhala okha ndi agalu awiri. Tsopano apa m'pamene Phalombe inamugwira mwendo Norbert. Kwawo malo sapempha tsiku loyamba. Umayamba wadziwika, umaonetsa kuti ndiwe munthu ndipo uli ndi manja. Choncho tsiku lake lopuma anapita, nagogoda, navula chipewa, nafunsa za ng'ombe, za mvula, za chiuno cha mkuluyo, n'kutsanzika. Ulendo wachiwiri anakonza geti limene linkakhula pansi. Wachitatu anabwera ndi nkhuku. Yamoyo anaisaka osaipeza, ndiye anatenga yozizira ya mu shopu, manyazi atamugwira, naipereka ndi manja awiri. A Fintan anaiyang'ana nkhuku, anamuyang'ana mwini nkhuku, nafunsa kuti kodi kwenikweni akufuna chiyani.

“Ndimangodutsa kudzakuonani, bambo,” anayankha Norbert m'Chingerezi chake cha pa eyapoti.

Kenaka anapempha wilibala, nayamba kutola miyala. Milungu sikisi, tsiku lililonse lopuma, mvula ikumuwaza m'khosi, Norbert anali m'munda wa eni ake, kuzula minga, kukwirira maenje, kuunjika miyala m'mbali mwa mpanda. A Fintan anaganiza kuti munthuyu akufuna ganyu, anayesa kumupatsa kangachepe, iye anabisa manja kumbuyo. Mundawo anaudziwa ndi mapazi ake. Anadziwa pouma gwa, anadziwa pa mtsetse. Anadziwanso za ngodya ya kumunsi, pafupi ndi mtengo wakugwa, pamene udzu unali wobiriwira mokongola kuposa pena paliponse. Mwana wa ku Phalombe sapusitsidwa ndi udzu wotere. Linali lowe, pamwamba kapinga, pansi matope okhaokha, ndipo tsiku lina wilibala inatitimira pamenepo mpaka m'zigwiriro.

Itakwana nthawi yopempha, mutu unaima. Munthu sapempha malo ndi pakamwa pake, pamafunika womuyankhulira. Anayesa Kebby.

“Iwe mudala, ungomufunsa chabe munthu uja,” anatero Kebby. “Ni chikwati kansi?”

Ndiye Norbert anaulula kwa mkazi wake, amene anali atayamba kale kudabwa ndi matope a m'mathalauza. Magdalene anasangalala, anamuyang'ana mwamuna wake mwa mtundu wina, koma kenaka anati:

“Ndiye bambo a Luso, mukapemphe malo a mwana malume ake ali moyo m'tauni momwemuno? Amayi akamva kumudzi ati chiyani? Aimbireni achimwene.”

Akanatha kukana. Akanamumanga ndani? Koma pansi pa nsanje yonseyo nayenso ankadziwa kuti umu ndi momwe zimayendera. Foni anaigwira masiku atatu, tsiku lachinayi anaimba.

Douglas anabwera Loweruka, nsapato zoyera mbee, mapepala a inshuwaransi mu fayilo, Luso ali kumpando wa kumbuyo. Mwanayo anamusiya m'galimoto momwemo poopa agalu. Pakhomo pa a Fintan, Norbert anachita zimene mwini nkhani amachita kwawo: anabwerera m'mbuyo, nakhala pa ndowa yovundikira, chipewa m'manja, maso pansi, osatsegula pakamwa. Douglas anayankhula Chingerezi chija cha pa wailesi, ndipo sanathe mphindi zisanu. A Fintan anaseka mpaka kutsokomola, naloza Norbert ndi ndodo.

“Nkhani yake ndi imeneyi? Milungu yonseyi? Akanangonena tsiku loyamba lija.”

Anavomera, bola ana azivala zisoti, makolo azikhalapo, ndipo geti lizitsekedwa. Kenaka anatambasula dzanja, ndipo dzanja limene linali pafupi linali la Douglas. Luso, mphuno itakanikizika pa galasi la galimoto, sanamve mawu ngakhale amodzi. Anaona malume ake ataima akugwirana chanza ndi mzungu, ndi bambo ake atakhala pa ndowa.

Njira yonse yobwerera Luso ankaimba kanyimbo kopeka yekha, kakuti Ankolo Dagi apeza munda. Norbert anadikira kuti mlamu wake akonze. Douglas anati, “Tathandizana ndi adadi ako,” nakweza wailesi.

Madzulo omwewo uthenga unali pa gulu la WhatsApp la Amalawi. Zinapezeka kuti makwadi ogona m'mashedi analipo ena atatu, kwa a Thom, kwa mayi Getrude, ndi kwa banja lina la ku Zambia. Anthu anayamika, tizithunzi ta manja owomba tili mbwee. Wina analemba kuti munda wa a Douglas, ndipo dzinalo linakanirira. Norbert ankawerenga mauthengawo pa nthawi yopuma, atatsamira matrole, zala zikadali ndi zipsera za minga. Nsanje, anthuni, sibwera kamodzi n'kupita. Inkadzuka naye m'mawa, inkapalasa naye njinga, ndipo akaona munthu wa nsapato zoyera akutsika ndege ankafuna kumugunda ndi trole ku chidendene.

Maloweruka awiri ana anaphunzira kuyendetsa kumtunda, pafupi ndi geti. Kenaka makolo anagwirizana kuti mpikisano weniweni, wozungulira munda wonse, uchitike kumapeto kwa May. Lachisanu lake Douglas anapita kukayala njira ndi makoni, tizizindikiro ta pulasitiki tija ta pamsewu, Norbert akumunyamulira. Njirayo Douglas anali ataijambula kale pa kompyuta. Atafika kumunsi anaima, nasirira udzu wobiriwira uja.

“Apa m'pokongola, alamu. Kona yomaliza ikhale apa, zithunzi zidzatuluka bwino. Mawa ndidzayamba ine pa kwadi yaikulu ya a Fintan, ndizungulire kamodzi kuti ana aone njira.”

Mawu anafika pa lilime. Kunena kuti alamu, apa ndi lowe, kukanatenga mpweya umodzi. Koma m'maso mwa Norbert munabwera chithunzi: Douglas pa kwadi yaikulu, gulu lonse likujambula, kenaka matayala akutitimira, nsapato zoyera zija m'matope, iye akubwera pang'onopang'ono ndi chingwe kudzamuvuula, Luso akuona. Chithunzicho chinatsekemera kwambiri moti mawu aja anawameza.

“Mwaganiza bwino, alamu,” anatero. Douglas ndi nsapato zake zoyera anatsala pouma akuloza, makoni anakaika ndi Norbert, akuponda pamene ankadziwa kuti m'polimba.

M'mawa mwake kunacha bwino, dzuwa lenileni. Magalimoto anandanda m'mbali mwa mpanda, azimayi anayala mandasi ndi maflasiki a tiyi pa buti, ana anayi anavala zisoti. Luso anavala jekete la mvula lija chifukwa mayi ake anaumirira. Norbert sanakhale pa gulu. Anavala magambuti, nakoleka chingwe paphewa, natsikira yekha ku ngodya ya kumunsi, n'kukaima pafupi ndi mtengo wakugwa. Mumtima ankati palibe choopsa. Douglas atitimira, anthu aseka, makoni tisuntha, kenaka ana athamanga pouma.

Koma kwadi yaikulu sinabwere. A Fintan anali atapita nayo kukaona ng'ombe yodwala kumunda wina. Ali kutaliko, Norbert anaona Douglas akuyang'ana wotchi, akuyankhula ndi makolo, akunyamula mbendera. Anaona timakwadi tinayi tikufola mzere, ndipo anamvetsa. Nthawi yokuwa inalipo, yothamanga akukupiza manja inaliponso. Koma kukuwa kunali kuulula pamaso pa onse kuti dzulo anaika makoni pa lowe akudziwa. Anaima, mtima ukukangana wokhawokha, akuti mwina ana ndi opepuka adutsa, mwina dzuwa laumitsa. Mbendera inatsika.

Ayi ndithu, mwana uja amatha. Pa kona yoyamba anali wachiwiri, pa yachiwiri anamudutsa mwana wa a Thom, ndipo pa mtsetse anali yekha kutsogolo, jekete likukupiza. Ataona bambo ake pa ngodya anakweza mutu kuti amuone bwino. Apa m'pamene Norbert anakweza manja, mochedwa. Matayala akutsogolo analowa, injini inalira mwaukali, matope anauluka, kwadi inaima. Luso anatsetserekera kumbali n'kukhala m'matope thapsa. Anzake atatu poona zimenezo anakhotera kunja kwa makoni, nadutsa pouma, nakamaliza.

Sanavulale, Mulungu ngwabwino, ngakhale kukalika komwe. Norbert anamunyamula, namupapasa mikono ndi miyendo. Mwana sankalira ululu, ankalira mpikisano wake. Pamene gulu linkafika likuthamanga, Norbert anali atamanga kale chingwe n'kuivuula kwadi ndi kukoka kuwiri kokha. Douglas anafika wefuwefu, nsapato zili bii, nkhope itagwa, akupepesa kwa mwana, kwa mlongo wake, kwa aliyense, kuti wolakwa ndi iye, njira anajambula yekha. Anthu anatembenukira kwa Norbert kumuyamika. Mayi Getrude anati amuna ndi awa, okonzeka, chingwe chili kale paphewa.

Ndipo a Fintan anatulukira pa kwadi yawo, agalu pambuyo. Atamva zimene zachitika anapukusa mutu, nawerama kwa Luso amene anali m'manja mwa mayi ake, pofuna kumutonthoza.

“Usalire, mwanawe. Uli ndi bambo wabwino. Munda uwu ndinapereka chifukwa cha iyeyu, osati mapepala. Mwala uliwonse watola ndi manja ake, milungu sikisi. Palibe pamene sapadziwa muno. Lowe lomweli linameza wilibala yanga ali nayo iyeyu, ndinamuona ndili pawindo.”

Amenewa ndiwo mawu amene Norbert anawalakalaka milungu yonse ija, onenedwa pamaso pa gulu, pamaso pa Douglas, mwana akumva. Anabwera onse, osatsalako ndi amodzi omwe. Douglas anayang'ana makoni, nayang'ana mlamu wake. Magdalene anayang'ana pansi.

Luso anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete. Anayang'ana magambuti, anayang'ana chingwe chimene chinali m'manja mwa bambo ake. Mwana amene kuyambira ku nazale amayankha Chingerezi chokhachokha, tsiku limenelo anasankha Chichewa, mwina kuti mzungu asamve.

“Adadi, mumadziwa?”

Norbert, munthu wa mawu ozungulira, anafunafuna pozungulira koma sanapapeze.

“Eya, mwanangu,” anatero.

Mwana sanafunse chifukwa. Pobwerera Norbert anapalasa njinga yake yekha, ndipo galimoto ya Douglas itamudutsa pamsewu, ku windo la kumbuyo sikunaoneke dzanja.

Mpikisano ukuchitikabe, Loweruka loyamba la mwezi, nyengo ikalola, ndipo ana afika naini. Dzina linasintha. Pa gulu tsopano amalemba kuti munda wa a Makwinja, ndipo amene anayamba kulemba choncho ndi Douglas. Norbert amawerenga, koma sizimukomera m'pang'ono pomwe. Ngodya ya kumunsi anaitchinga ndi miyala yomwe ija anatola. Luso wapambana kangapo, amacheza ndi bambo ake, amaseka nawo, za tsiku lija satchula. Koma mpikisano usanayambe amatsika pa kwadi n'kuyenda wapansi njira yonse, akuponda ndi chidendene pa kona iliyonse. Norbert anamuuzapo kamodzi kuti asavutike, iye wayendamo kale, ponse m'pouma. Mwana anati, “Okay, Daddy,” napitiriza kuponda.